Fodya Amakoma ndi Kudikira: Mbiri ya Kusunga Fodya ndi Mowa kwa Chiwalo

M'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi muli anthu amene amalipira ndalama zochuluka pogula zinthu ziwiri: ndudu zikuluzikulu zokulungidwa ndi tsamba la fodya lenilenilo, zotchedwa cigar, ndi mowa waukali wotchedwa whisky. Mbewu zopangira zinthu zimenezi n'zotsika mtengo, pakuti fodya ndi barele zimamera m'munda monga mbewu ina iliyonse. Chimene wogula amalipira ndi zaka zimene tsamba linagona mosungidwa bwino, ndi zaka zimene mowa unakhala mu mgolo wa matabwa popanda woukhudza.

Nzeru imeneyi, yoti nthawi imakometsa fodya, si yachilendo m'dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo, m'boma la Phalombe. Makolo a m'chigwa chimene chili pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi ndi nyanja ya Chilwa ankaidziwa kale asanafike azungu a m'maesiteti. Mbiri ya zaka zoposa 100 zapitazi ikusonyeza m'mene ntchito yolima inatsalira m'manja mwa anthu a kuno, pamene kusunga ndi kukhwimitsa, kumene kuli phindu lalikulu, kunasamukira kutsidya la nyanja.

Fodya asanakhale wa pa okushoni

Fodya kwawo ndi ku America. Anafika m'madoko a kum'mawa kwa Africa ndi zombo za Apwitikizi, ndipo kuchokera kumeneko mbewu yake inayenda kuchoka m'manja mwa mlimi uyu kupita kwa uyo mpaka kumtunda. Ayao atayamba maulendo awo a malonda opita kugombe, fodya anali m'gulu la katundu amene ankasenza, pamodzi ndi makasu ndi zikopa. David Livingstone atafika ku nyanja ya Chilwa m'chaka cha 1859, anthu a m'mapiri a kum'mawa kwa Shire anali akulima kale fodya ndi thonje.

Fodya wa nthawi imeneyo ankalimidwa pa kamunda kakang'ono pafupi ndi nyumba, kawirikawiri pachulu kapena pamalo pamene panali khola kapena dzala, chifukwa mbewuyi imafuna nthaka ya chonde. Mlimi ankadula nsonga kuti mphamvu ipite kumasamba. Masamba akakhwima ankawathyola n'kuwafwetsa pamthunzi, kenako ankachotsa msempha wapakati n'kuwapota ngati chingwe. Chingwecho ankachikulunga ngati nkhata. Ena ankasinja masambawo mumtondo n'kuumba mibulu. Mkati mwa nkhatayo madzi a tsamba ankatuluka pang'onopang'ono, fodya n'kumatentha yekha, n'kumada, ndipo mwini wake ankamasula ndi kupotanso kangapo kuti asawole.

Ntchito ikafika pamenepa, fodya ankakulungidwa m'masamba ouma a nthochi n'kupachikidwa kutsindwi, pamwamba pa moto wophikira. Malo amenewa sanasankhidwe mwangozi. Utsi unkathamangitsa tizilombo tofumbwa, kutentha kwa moto kunkaletsa chuku m'miyezi ya mvula, ndipo masamba a nthochi ankateteza fodya kuti asaume mpaka kufumbutuka. Anthu amene ankawamba milamba ya m'Chilwa pautsi ndi kuyanika matemba padzuwa ankadziwa bwino malire a pakati pa kuuma ndi kuonongeka.

Fodya watsopano amapalira pakhosi ndipo amatsokomoletsa. Wogonera amafewa, amanunkhira, ndipo ukali wake umakhala wodekha. Chifukwa cha ichi nkhalamba zinkasiyanitsa fodya wa chaka chino ndi wa chaka chatha, ndipo mlendo wolemekezeka ankadulidwira wakaleyo. Abambo ankasuta m'kaliwo. Amayi achikulire ankapera tsamba louma, n'kusakaniza ndi phulusa pang'ono, n'kusunga m'kachigubu kotseka bwino kuti azifwenkha. Pamaliro, pamilandu ndi pokambirana za ukwati, kupatsana fodya kunali chizindikiro chakuti anthu ali pamtendere. Mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, unabadwa pakati pa anthu amene ankadziwa kuti chinthu chosungidwa miyezi yambiri chikhoza kuuluka m'kamphindi.

Esiteti, msonkho ndi thangata

Zinthu zinasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. John Buchanan, Msikotishi amene anafika ndi mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 monga wosamalira dimba, pambuyo pake anatsegula minda yakeyake ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo anali m'gulu la azungu oyamba kulima fodya wogulitsa. Fodya woyamba wa dziko lino anatumizidwa ku Britain m'chaka cha 1893. M'chaka chomwecho boma la atsamunda linamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadzera popita ku Quelimane.

M'zaka zotsatira, mabanja ambiri a Alhomwe anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala, misonkho ndi ntchito ya kalavula gaga ya Apwitikizi. Chigwa cha Phalombe chinali chipata chawo. Ena anakhazikika pansi pa mafumu amene anawapeza, ena anapitirira kukafuna malo m'maesiteti a azungu. Kumeneko munthu ankapatsidwa pomanga nyumba ndi polima, koma malipiro ake anali kugwira ntchito m'munda wa mwini malo. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pantchito, anasanduka dzina la goli limeneli. Kampani ya A. L. Bruce Estates, imene inali ndi minda ya thonje ndi fodya ku Magomero ndiponso malo ena ku Likulezi, inatchuka ndi nkhanza za mtundu umenewu, ndipo nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915 inagwera kwambiri pa esiteti ya Magomero. Thangata anathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962.

M'nyengo imeneyi munafalikira fodya wa chikopa, wochita kuwamba ndi moto. Masamba ankasokedwa n'kupachikidwa pa mikangala m'balani. Masiku oyamba ankasiyidwa kuti achite chikasu, kenako pansi pankasonkhedwa moto wa nkhuni zolimba, wofuka utsi wopanda malawi, kwa masabata angapo, kufikira tsamba litada ndi kukhuthala ngati chikopa. Mlimi ankagona pafupi ndi balani, chifukwa moto ukakula pang'ono ntchito ya chaka chonse inkasanduka phulusa. Ndipo poti tsamba louma limathetheka, kusankha ndi kumanga kunkachitika m'mawa kukali mame, kapena pa masiku a chiperoni pamene mpweya uli ndi chinyezi.

Luso lonseli linali m'manja mwa alimi ndi antchito. Koma fodya akangouma, sankakhalanso kutsindwi. Msonkho wa nyumba unkafunika m'ndalama, ndipo mwini esiteti kapena wogula anali akudikira ndi sikelo. M'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, limene linkalemba alimi m'kaundula ndi kuyang'anira misika yawo. Okushoni ya ku Limbe inatsegulidwa mu 1938. Pambuyo pa ufulu, fodya wa alimi ang'onoang'ono ankagulidwa ndi ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo alimiwa analoledwa kulima fodya wa bale kuyambira m'chaka cha 1990. Mayina a ogula ankasintha, koma mlimi ankagulitsabe tsamba lake m'chaka chomwe wakolola.

Kumene fodya ankakagona

Kampani ya Imperial Tobacco, imene likulu lake linali ku Bristol, inatsegula fakitale ku Limbe m'chaka cha 1908, chaka chimene njanji inafika ku Blantyre. Pafakitalepo tsamba linkasankhidwanso, kuumitsidwa pa mlingo woyenera, ndi kudindidwa m'migolo ikuluikulu ya matabwa. Migoloyo inkatsika ndi sitima ya pamtunda kulowera ku Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935, sitima zinkayenda kuchokera ku Limbe mpaka ku doko la Beira popanda kutsitsa katundu pamtsinje.

Ku Britain fodya wochokera m'maiko akutali ankalandiridwa m'nyumba zikuluzikulu za njerwa zomangidwa pafupi ndi madoko. Ku Liverpool nyumba yosungira fodya ya pa Stanley Dock inatha kumangidwa mu 1901. Ku Bristol kunamangidwa zitatu, mu 1905, mu 1908 ndi mu 1919, ndipo zilipo mpaka lero. M'nyumba zoterezi migolo inkakhala miyezi yambiri, nthawi zina zaka, msonkho wa boma usanaperekedwe. M'katimo tsamba linkachita zomwe zija linkachita m'masamba a nthochi kutsindwi: ukali unkaphwa, fungo linkakhazikika. Likatuluka, linkasakanizidwa ndi fodya wa kwina n'kukhala fodya wa m'kaliwo, wotafuna kapena wofwenkha, wogulitsidwa m'zitini zolembedwa dzina la kampani. Dzina la mudzi umene munachokera tsambalo silinkalembedwa pena paliponse.

Kudikira kumafuna munthu amene ali ndi chimanga m'nkhokwe. Kampani inkatha kudikira zaka ziwiri chifukwa inali ndi chuma ndi nyumba zosadontha. Mlimi wa m'chigwa cha Phalombe, amene anali ndi msonkho pakhosi ndi ana ofuna zovala, sakanatha kudikira ngakhale miyezi iwiri. Kusiyana kwa mtengo wa tsamba laliwisi ndi wa fodya wokhwima kunkatsalira kwa amene anali ndi mphamvu yosunga.

Za ndudu za cigar

Dziko limene linatchuka koposa ndi luso lokhwimitsa fodya ndi Cuba, makamaka dera la Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río. Kumeneko masamba amaumitsidwa ndi mpweya m'zigafa kwa mwezi umodzi ndi theka kapena iwiri. Kenako amaunjikidwa milumilu kuti atenthe okha, ndipo antchito amagwetsa muluwo ndi kuumanganso kutentha kukakwera, monga momwe makolo ankamasulira nkhata ndi kuipotanso. Kutenthaku kumachotsa mpweya woipa wa ammonia umene umapalira pakhosi. Pomaliza masamba abwino amamangidwa m'mabelo okutidwa ndi makungwa a mtengo wa mgwalangwa wa komweko, n'kusungidwa chaka chimodzi kapena zingapo asanakulungidwe.

Ndudu ikakulungidwa, kusunga kumapitirira. Eni ake amaiika m'bokosi lotchedwa humidor, limene m'kati mwake amayalamo matabwa a Spanish cedar. Mtengo umenewu si mbale wa mkungudza wa paphiri la Mulanje, ngakhale mayina awo a Chingerezi akufanana. Mbale wake wa kuno ndi mbawa. Matabwa ake amamwa chinyezi chikachuluka ndi kuchibweza chikachepa. Osunga amayesetsa kuti chinyezi chikhale pakati pa magawo 65 ndi 70 pa 100 alionse, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 21. Chinyezi chikachepa tsamba lakunja limang'ambika ndipo mafuta onunkhira amatha. Chikachuluka ndudu imachita chuku. Kukatentha kwambiri, mazira a kachilombo kofumbwa fodya amaswa, ndipo bokosi lonse limaboola m'masabata ochepa. Adani amenewa, kuuma, chuku ndi kufumbwa, ndi omwe aja amene nkhalamba za kwa Chiwalo zinkalimbana nawo ndi utsi ndi masamba a nthochi.

Fodya wowamba ndi moto nayenso ali ndi ndudu yake yotchuka. Ku Italy, ndudu ya Toscano imapangidwa ndi fodya wa mtundu wa Kentucky woumitsidwa pautsi wa nkhuni, wofanana ndi wa chikopa, ndipo ikakulungidwa imasungidwa miyezi yambiri isanagulitsidwe. Kufupi ndi kuno, ku Maputo, kampani ya Bongani ikukulunga ndudu za cigar pamanja. Zitsanzo zimenezi zikusonyeza kuti ntchito yomaliza ikhoza kuchitikira kulikonse kumene kuli luso ndi chuma chodikirira.

Whisky ndi kachasu

Mbiri ya mowa inayenda njira yofanana. Mowa wa makolo, umene Alhomwe amautcha otheka, unkafululidwa ndi chimera ndipo unkapsa m'masiku ochepa. Sunali wosunga: ukapitirira tsiku lake unkasasa. Mowa wotcheza unadza ndi Apwitikizi kudzera m'chigwa cha Zambezi, ndipo dzina lakuti kachasu linachokera ku mawu awo akuti cachaça. Amayi anaphunzira kuvunditsa madeya ndi shuga kapena zipatso, kuwiritsa mu mbiya yomatidwa bwino, ndi kuziziritsa nthunzi m'paipi yodutsa m'madzi.

Whisky wa ku Scotland amayamba chimodzimodzi. Barele amamizidwa m'madzi mpaka kumera, n'kukhala chimera. M'madera ena chimeracho chimaumitsidwa pautsi wa nthaka yakuda ya m'madambo yotchedwa peat. Chikavunda, chimatchezedwa kawiri m'miphika ya mkuwa, ndipo chotuluka chimakhala choyera ngati madzi ndi choluma ngati kachasu. Mtundu wofiirira ndi mbali yaikulu ya fungo zimachokera ku mgolo wa mtengo wa oak, umene nthawi zambiri unayamba wasungapo mowa wa bourbon wa ku America kapena vinyo wa sherry wa ku Spain. Kukatentha mowa umalowa m'matabwa, kukazizira umatuluka, ndipo chaka chilichonse pafupifupi magawo awiri pa 100 amauluka kudzera m'timipata ta thabwa. Eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo.

Lamulo loletsa kugulitsa mowa wosakhwima linakhazikitsidwa ku Britain mu 1915, ndipo lero mowa sungatchedwe Scotch whisky ngati sunakhale mu mgolo wa oak ku Scotland kwa zaka zosachepera zitatu. Nambala ya zaka yolembedwa pabotolo ndi ya mowa wamng'ono koposa mwa onse amene anasakanizidwa. Ukalowa m'botolo sukhwimanso. Wosunga amangoonetsetsa kuti botolo laima chilili, kuti mowa usadye chitsekero, ndi kuti lili kutali ndi dzuwa. M'maiko otentha kukhwima kumafulumira ndipo gawo louluka limakula, monga momwe zimachitikira ku Wellington, ku South Africa, kumene fakitale ya James Sedgwick imapanga whisky wa Three Ships ndi Bain's.

Asikotishi ambiri anakhala m'dziko lino monga amishoni, amalonda a kampani ya African Lakes imene inayamba mu 1878, ndi eni maesiteti. Whisky ankafika m'mabokosi kudzamwedwa m'makalabu ndi m'makonde a azungu. Koma pangano la ku Brussels la mu 1890 linaika malire pa malonda a mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo malamulo a atsamunda analetsa anthu akuda kugula mowa wa azungu ndiponso kutcheza wawo. Kachasu anasamukira kuthengo ndi m'mphepete mwa mitsinje. Chinthu choletsedwa sichisungidwa, pakuti botolo lililonse lokhala m'nyumba linali umboni kwa apolisi. Wotcheza ankagulitsa tsiku lomwelo, ndipo mayi amene ankafuna ndalama ya msonkho kapena ya sukulu analibe chifukwa chodikirira.

Ku Brazil, kwawo kwa cachaça, mowa womwewo unaloledwa, unaikiridwa miyezo, ndipo wina amasungidwa chaka kapena kuposerapo m'migolo ya oak kapena ya mitengo ya komweko monga amburana. Lero umagulitsidwa m'maiko ambiri. Mbale wake wa kuno anakula mobisala, wopanda muyezo wa ukali wake, ndipo wavulaza anthu ambiri. Kusiyana kumeneku kunabadwa ndi malamulo ndi umphawi, chifukwa luso lotcheza linalipo mbali zonse ziwiri.

Chimene chatsala m'manja

Fodya ndi mowa waukali zimaononga thupi, ngakhale zitakhwima zaka zingati. Dziko la Malawi linavomereza mu 2023 pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse lochepetsa kusuta fodya, ndipo alimi ambiri a m'boma la Phalombe amadalira nandolo, mpendadzuwa, mpunga ndi chimanga. Kukumbukira mbiri imeneyi sikuitana achinyamata kuti asute kapena amwe.

Phunziro lake limakhudza mbewu iliyonse. Mlimi amene amagulitsa nandolo pa nthawi yokolola, mitengo ili pansi, kwa wogula amene adzamusunga miyezi ingapo n'kumugulitsa mtengo utakwera, akuyenda m'mapazi a agogo ake amene ankapereka tsamba laliwisi pa sikelo. Funso la masiku a thangata lidakalipo: kodi nkhokwe ndi ya yani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yodikira?

Luso la makolo losunga zinthu silinalembedwe m'mabuku. Linkakhala m'zala za munthu wodziwa kugwira tsamba n'kuzindikira kuti lafewa mokwanira, ndi m'mphuno za wodziwa kuti nkhata yayamba kuwola isanaoneke ndi maso. Nyumba za malata zachotsa moto pansi pa tsindwi, mapulasitiki alowa m'malo mwa masamba a nthochi, ndipo madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba zambiri m'boma la Phalombe pamodzi ndi zipangizo zakale zimene zinali m'menemo. Komabe m'midzi ya kwa Chiwalo mudakali agogo amene anapota fodya ali anyamata, ndi ena amene anagona pakhomo pa balani kulonda moto. Iwo akudziwa nkhuni zimene zinkapatsa tsamba fungo labwino, mwezi umene fodya ankatsitsidwa kutsindwi, ndi mayina a zipangizo m'Chilhomwe, m'Chiyao ndi m'Chinyanja. Mdzukulu amene adzakhale nawo pamphasa ndi kope m'manja adzapeza kuti mbali ina ya mbiri ya malonda a dziko lapansi inayambira pamwamba pa mafuwa a kwawo.